Wokwera Wosalipira

Ndimanyamuka pa Matundo kusanache,
anthu khumi ndi asanu ndi atatu m'chapa, mbuzi padenga,
koma tisanaone fumbi la malasha ku Mowatize
chikhodzodzo chagogoda kale
ngati mwini ngongole wosadziwa manyazi.

Ndiima. Ndinamiza anthu kuti ndikuona tayala.
Zeferino, kondakitala wanga, amalidziwa bodzali,
amamenya tayalalo ndi phazi kundibisira
ine ndili kuseri kwa mlambe
kufinya timadontho tosadzaza n'chitsekerero cha botolo chomwe.
Moto wonse uja, timadontho basi.

Pa Musakama ndiimanso.
Mayi wina wa nkhuku m'dengu anafunsa,
"Kodi galimotoyi imayendera mafuta kapena tchire?"
Anthu anaseka mpaka kumapiri.
Ine phee, makutu akuyaka.

Ndinati ndichilange, ndisiye kumwa madzi.
Dzuwa la Tete, lija limawotcha ndi mthunzi womwe,
linandiumitsa lilime,
mkodzo unada ngati tiyi wogonera,
ndipo kugogoda kuja kunasanduka kugumula chitseko.
Usiku Esiperansa ankawerenga maulendo anga:
kanayi, kasanu, mphasa kuzizira.

Kuchipatala cha Ulongwe
namwino Lukiresiya anayeza mkodzo, anayeza shuga,
nati mulibe kanthu.
Kenako anavula magalasi:
"Tandiyendetseni tsiku lanu lonse, kudzera pakamwa."

Ndinayamba. Khofi wa m'fulasiki, makapu atatu, wothamangitsa tulo.
Kokakola wozizira pasiteji.
Nkhuku yootcha yosambira m'piripiri
mpaka mphuno kuchucha.
Malalanje a m'njira, ayisi wa malambe, bwemba woyamwa pochedwa.
Loweruka, kachasu wa masawu,
pang'ono chabe, ndinatero, ndikuyang'ana pansi.

Anaseka osatsegula pakamwa.
"Mdani wanu amakhala nanu mpando wakutsogolo
ndipo salipira ndi metikali imodzi yomwe.
Muwatsitse mmodzimmodzi, sabata ndi sabata,
mulembe m'kope amene akatsika galimoto ipepuka.
Madzi musawathawe. Imwani ngati nkhuku,
kadontho, kuyang'ana kumwamba, kadontho,
dzuwa likapendeka muchepetse.
Chikagogoda musamadumphe.
Mangani minofu ya pansiyo ngati mukuponda buleki pamtsetse,
pumani, dikirani mphindi zisanu.
Sabata yamawa khumi."

Khofi ndiye anatsika akutukwana.
Masiku anayi mutu unkalira ngati injini yopanda oyilo,
ndinakalipira Zeferino chifukwa cha chenji chomwe chinali cholondola.
Kokakola anatsika mwaulemu.
Malalanje ndinawapeza osalakwa kwenikweni,
limodzi patsiku sadandaula.
Koma piripiri, mayo, piripiri!
Nkhuku yopanda iye ndi maliro opanda nyimbo.
Ndimamubabe Lamlungu, kunsonga ya mpeni,
Lolemba n'kulipira kuseri kwa mlambe womwe uja.

Tsopano Esiperansa amandimangira m'kansalu
nthochi ziwiri, mbatata yophika, nthanga za dzungu zokazinga,
ndi botolo la madzi lomwe analilemba mizere ndi makala:
apa pofika Mowatize, apa Musakama, apa kwanu kwatha.
M'kope langa la mafuta, kumapeto,
muli masamu ena amene bwana sawamvetsa.

Sindinachire ngati wobatizidwa.
Alipo masiku mseu ukachuluka mabampu
chimadzuka n'kuyamba milandu yakale.
Ndimaponda buleki wanga wosaoneka,
ndiwerenga mitengo ya magetsi,
makumi awiri, makumi atatu,
nthawi zina chimagonanso.

Dzulo ndinadutsa pa Musakama osatsika.
Zeferino anali atatsegula kale chitseko mwachizolowezi,
anandiyang'ana, anayang'ana tayala.
Tili pakati pa minda ya mbatatesi, mphepo ya Angoniya ikulowa pawindo,
mawu anachokera kumbuyo, aang'ono, amanyazi,
mayi uja wa nkhuku m'dengu:
"A dalaivala, pepani,
kodi lero tayala simuliona?"

Ndinaima.
Ndinatsika n'kulimenya ndekha ndi phazi,
nthawi yaitali, nditafulatira tchire.